Kupalasa Njinga ndi Kagawidwe ka Chaka: Chisanu cha ku Ulaya ndi Dzinja la ku Malawi

M'maiko a kumpoto kwa Ulaya, monga Belgium, Netherlands, Britain ndi Norway, muli anthu miyandamiyanda amene amapalasa njinga ngati masewero, osati kuti alandirepo malipiro, koma chifukwa chokonda liwiro, kufuna kulimbitsa thupi ndi kupikisana ndi anzawo kumapeto a sabata. Ambiri mwa iwo ndi aphunzitsi, anamwino, amakaniko ndi ogwira ntchito m'maofesi, ndipo amagawika pawiri: ena amapalasa pamisewu ya phula ndi njinga zopepuka za matayala opyapyala, pamene ena amalowa m'nkhalango ndi m'mapiri ndi njinga za matayala aakulu okakala. Ku Malawi njinga yakapalasa ili ponseponse, koma kwa anthu ochuluka ndi chida chopezera chakudya, ndipo oipalasa mwa masewero ndi ochepa, makamaka m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Kuika mbali ziwirizi pamodzi kumaonetsa kuti kusiyana kwakukulu sikuli pa nyonga za miyendo kapena pa mtengo wa njinga pokha, koma pa mmene chaka chimagawidwira kukhala nthawi yomanga thupi, nthawi yopikisana ndi nthawi yopuma.

Ku Ulaya chimene chimagawa chakacho ndi chisanu, chomwe chimayamba kuluma mu Novembala n'kufika mu Febuluwale kapena Malichi. Vuto loyamba ndi mdima, pakuti mu Disembala ku London dzuwa limawala maola osakwana asanu ndi atatu n'kulowa nthawi isanakwane 4 koloko madzulo, ndipo ku Oslo usana umakhala wa maola pafupifupi asanu ndi limodzi okha, kotero kuti munthu wolembedwa ntchito amachoka pakhomo kuli mdima n'kubwereranso kuli mdima. Vuto lachiwiri ndi madzi oundana pamsewu, amene saoneka bwino ndi maso koma amagwetsa wopalasa mwadzidzidzi, komanso mchere umene akuluakulu a misewu amawaza pofuna kusungunula madziwo, womwe umadyetsa tcheni ndi magiya dzimbiri. Chifukwa cha zimenezi mipikisano ya pamsewu imatha chakumapeto kwa Seputembala kapena mu Okutobala, ndipo wopalasa amakakamizika kupumula sabata zingapo asanayambe kukonzekera chaka chotsatira.

Kukonzekerako kumatsata nzeru ya kugawa chaka m'zigawo zokhala ndi zolinga zosiyana, imene katswiri wa zamasewero wa ku Soviet Union, Lev Matveyev, adailongosola m'zaka za m'ma 1960. Chigawo cha m'chisanu chimatchedwa nthawi ya maziko, kutanthauza maulendo ataliatali a liwiro lofatsa, loti munthu angathe kucheza ndi mnzake akupalasa, omwe cholinga chake n'kuzoloweza mtima, mapapo ndi minofu kugwira ntchito maola ambiri osatopa msanga. Ku Britain mazikowa amamangidwa pagulu, chifukwa makalabu a njinga, ena mwa iwo a zaka zoposa zana, amakumana Lamlungu m'mawa n'kupalasa awiriawiri mondondozana kwa maola atatu kapena anayi, akusinthana kutsogolo kuti wina asamenyedwe ndi mphepo yekha, kenaka n'kuima pamalo omwera tiyi. Ambiri amasunga njinga yawo yabwino m'nyumba mpaka nyengo itasintha, ndipo m'malo mwake amakwera njinga yachiwiri yolemerapo, yokhala ndi nyali ndi madigadi, chifukwa kuthira mnzako wapambuyo matope kumaso kumatengedwa ngati kupanda khalidwe, mwakuti makalabu ena salola munthu wopanda madigadi kukhala pakati pa gulu.

Pakati pa sabata, pamene kunja kuli mdima, ntchito imasamukira m'nyumba. Wopalasa amamangirira njinga yake pa chipangizo chotchedwa turbo trainer, chimene chimaimika njinga pamalo amodzi n'kumalimbitsa kapalasidwe ngati kuti munthu akukwera chitunda, ndipo kwa ola limodzi amasinthanitsa mphindi zopalasa mwamphamvu ndi mphindi zopumira. Zipangizo zamakono zimayeza mphamvu imene miyendo ikutulutsa m'mawati, muyeso womwewo wa mphamvu ya babu la magetsi, ndipo wopalasa aliyense amadziwa nambala imene angaisunge kwa pafupifupi ola lathunthu, yomwe imakhala poyambira pa masamu onse a zokonzekera zake. Kuyambira mu 2014 pulogalamu ya Zwift yakhala ikulumikiza anthu otere pa intaneti, kuti munthu ali m'galaja yake azipikisana ndi anzake a m'maiko ena pamisewu yojambulidwa ndi kompyuta. Amene ali ndi ndalama amathawa chisanucho kwa sabata imodzi kapena ziwiri, n'kukapalasa ku Mallorca, ku Calpe kapena ku Gran Canaria m'dziko la Spain, kumene kumakhala kofundirapo.

Si onse amene amabisala m'nyumba, pakuti ku Belgium ndi ku Netherlands nyengo yoipa ndiyo nthawi ya masewero otchedwa cyclocross, mpikisano wa pafupifupi ola limodzi wozungulira kabwalo ka matope, mchenga, udzu ndi zitunda zazifupi, pamene wopalasa nthawi zina amatsika n'kuthamanga atasenza njinga paphewa. Malo monga Koksijde, kumene njira imadutsa m'milu ya mchenga wa m'mphepete mwa nyanja, amakopa anthu zikwizikwi oonerera, ndipo akatswiri monga Wout van Aert ndi Mathieu van der Poel adakulira m'masewerowa, koma pansi pa akatswiriwo pali mipikisano yambiri ya m'midzi imene ana ndi akuluakulu amachita nawo. Opalasa m'mapiri, omwe masewero awo adayambira ku Marin County m'chigawo cha California m'zaka za m'ma 1970 n'kulowa m'masewero a Olimpiki mu 1996, amagwiritsa ntchito miyeziyi kunola luso lolamulira njinga pamizu yonyowa ndi pamiyala yoterera, nthawi zina usiku ndi nyali zomangirira pachipewa. Ku Norway ndi ku Finland ambiri amasiya njinga kwa kanthawi n'kumayenda mitunda italiitali pa chipale chofewa ndi timatabwa ta kumapazi totchedwa ski, ngakhale kuti mumzinda wa Oulu anthu amapitabe kuntchito ndi kusukulu panjinga chisanu chonse chifukwa njira zawo zimasamalidwa tsiku ndi tsiku.

Ku Malawi maziko amene wa ku Ulaya amawafunafuna ndi ndondomeko amamangidwa ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku. Wakabaza wa ku Salima, Balaka kapena Liwonde amanyamula anthu kuyambira m'bandakucha mpaka madzulo, ndipo ogulitsa makala ndi nkhuni amalowa m'mizinda kusanache atasanjikiza matumba mpaka kupitirira mutu, akupalasa potsetsereka ndi pachidikha n'kumakankha pachitunda. Njinga zawo n'zachitsulo, za giya imodzi, ndipo ya Buffalo, imene bungwe la World Bicycle Relief limagawa ndi kugulitsa ku Zambia ndi ku Malawi, imalemera makilogalamu oposa 20 ndipo kaliyala yake idapangidwa kuti inyamule makilogalamu 100, pamene njinga ya mpikisano imaloledwa kupepuka mpaka makilogalamu 6.8. Kukamba za maola okhala pachishalo, ambiri mwa anthuwa amaposa kutali wopalasa wa kalabu ya ku Ulaya amene amapeza maola ochepa pa sabata.

Komabe kugwira ntchito yolemetsa ndi kukonzekera mpikisano si chinthu chimodzi, chifukwa thupi silikula mphamvu pa nthawi imene likuvutika, koma pa nthawi yopuma imene imatsatira kuvutikako, malinga ngati lapatsidwa chakudya chokwanira ndi tulo. Wakabaza amapalasa pa liwiro lofanana tsiku lililonse, sangasankhe tsiku lofatsa chifukwa amene amalamula ndi wokwera, ndipo tsiku lopuma kwa iye ndi tsiku limene pakhomo sipalowa ndalama, makamaka masiku ano pamene njinga zamoto zalanda okwera ambiri. Wa ku Ulaya amakonzeratu sabata yopepuka pambuyo pa sabata zitatu zolemera, amawerengera chakudya chimene adye panjira, ndipo amaphunzira kupalasa pagulu mothinana, luso limene limapulumutsa mphamvu zochuluka pa mpikisano. Choncho mbali imodzi ili ndi kupirira kopanda dongosolo, pamene ina ili ndi dongosolo limene nthawi zambiri limaposa kupirira kwa mwini wake.

Wopalasa wa masewero wa ku Malawi akatenga kalendala ya ku Ulaya monga ilili angasokere, popeza nyengo za kuno zimayenda mwa njira yawo. Kutalika kwa usana sikusintha kwambiri, pakuti ku Lilongwe sikutsika pansi pa maola 11, ndipo chisanu cha Juni ndi Julayi, m'malo motsekereza njinga, ndicho chimabweretsa masiku abwino koposa: misewu ya dothi yauma, mitsinje yaphwa, dzuwa silipweteka, ndipo chakudya chilipo chifukwa anthu angokolola kumene. Zovuta zake ndi kuzizira kwa m'mawa ku Dedza ndi ku Mzuzu, chiperoni cha ku Thyolo ndi Mulanje chimene chimabwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza, ndi mphepo ya mwera m'mbali mwa nyanja, koma zonsezi juzi ndi magolovesi zimathana nazo. Mu Okutobala ndi Novembala mdani amakhala kutentha, komwe ku Chikwawa ndi Nsanje kumapitirira madigiri 40, kotero kuti ulendo wautali uyenera kuyamba kusanache n'kutha dzuwa lisanakwere.

Nyengo imene imafanana kwenikweni ndi chisanu cha ku Ulaya pa kulepheretsa njinga ndi dzinja, kuyambira mu Disembala mpaka Malichi. Akuluakulu adati walira mvula walira matope, ndipo matope a katondo ndi a m'madambo amamatirira kumatayala mpaka gudumu kukana kuzungulira, mabuleki amaleka kugwira, milatho ing'onoing'ono imakokoloka, ndipo phula limakumbika maenje amene amabisika ndi madzi. Iyi ndi nthawi yomwenso manja amafunika kumunda pobzala, kupalira ndi kubandira, malungo amachuluka, ndipo m'mabanja ambiri nkhokwe zimakhala zitatha mu Januwale ndi Febuluwale. Zikatero dongosolo loyenera dziko lino lingaike kupuma ndi maulendo aafupi a pamsewu wa phula m'dzinja, maziko m'masika a Epulo ndi Meyi, ndi mipikisano kuyambira m'chisanu mpaka kutentha kusanafike pachimake.

Pa nkhani ya malo, Malawi ali ndi chimene a ku Ulaya amachilipirira ndege. Akatswiri olipidwa amakagona sabata zingapo paphiri la Teide pachilumba cha Tenerife, pamtunda wa mamita oposa 2,000, chifukwa kumene mpweya uli wopepuka thupi limachulukitsa maselo ofiira a magazi amene amanyamula mpweya wabwino kupita kuminofu. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, mbali yaikulu ya Nyika ili pamwamba pa mamita 2,000, ndipo zitunda za Thabwa pochokera ku Chikwawa, za Khwekhwerere pochokera ku Golomoti, za Chiweta ndi msewu wokwera phiri la Zomba n'zazitali mokwanira kuyesa munthu aliyense. Maiko ena a mu Africa asonyeza chimene chimachitika malo otere akakumana ndi makalabu ndi mipikisano yokhazikika. Ku Eritrea, kumene mzinda wa Asmara uli pamtunda wa mamita oposa 2,300 ndipo mipikisano ya m'misewu ndi chizolowezi, kudatuluka Biniam Girmay, amene adapambana mpikisano wa Gent-Wevelgem mu 2022 n'kutenga malaya obiriwira a Tour de France mu 2024. Ku Rwanda ena mwa opalasa a timu ya dziko adayamba ndi kunyamula anthu panjinga, ndipo mu 2025 mzinda wa Kigali udachititsa mpikisano wa dziko lonse wa njinga za pamsewu, koyamba mu Africa.

Zolepheretsa zilipo, ndipo zambiri zimakhudza zipangizo ndi chitetezo. Wokonza njinga wa pansi pa mtengo amamata chubu, kuwongola gudumu ndi kusintha masipoko mwaluso ndi pamtengo wotsika, chinthu chimene wa ku Ulaya amachilipira ndalama zambiri, koma zitsulo za njinga ya magiya ambiri sizipezeka pamsika uliwonse, ndipo fumbi la m'chilimwe limadya tcheni monga mchere umachitira ku Ulaya. Pamsewu wa M1 ndi ina yotere wopalasa amalimbirana m'mphepete mopapatiza ndi mathiraki ndi maminibasi, pamene ku Netherlands njinga zili ndi njira zawozawo.

Ngakhale zili choncho, zinthu zimene zimapangitsa kuti chisanu cha ku Ulaya chibale zipatso sizidalira ndalama kwenikweni. Gulu lokumana tsiku lodziwika sabata iliyonse, mipikisano yaifupi ya pabwalo la sukulu kapena m'njira za m'midzi imene munthu angalowe ndi njinga imene ali nayo, kalendala yolengezedwa chaka chisanayambe, ndi mphotho yokwanira kubwezera wakabaza ndalama za tsiku limene wasiya ntchito, zonsezi n'zotheka kwa kalabu ya m'boma lililonse mogwirizana ndi bungwe la Cycling Federation of Malawi. Pokhapokha masiku a mpikisano akadziwika, m'pamene wopalasa angawerenge chobwerera m'mbuyo n'kudziwa mwezi woyambira maziko, sabata yolimbikira ndi tsiku loyenera kusiya njinga kuti thupi lipume.