Wailesi Yakufa Ili ndi Ziwalo Zamoyo

M'mwezi wa May, m'tauni ya Xenia, m'cigawo ca Ohio ku America, mumacitika msonkhano wochedwa Hamvention. Unayamba mu 1952 mumzinda wa Dayton, ndipo unasamukira ku Xenia mu 2017. M'zaka zaposacedwapa, ofikako amaposa 30,000. Ameneŵa ndi anthu okonda kumanga ndi kukonza mawailesi olankhulirana, osati cifukwa ca malipiro ai, koma cifukwa ca cidwi cawo.

Cokoka anthu ambiri ndi msika wa pabwalo. Pamatebulo ndi kumbuyo kwa magalimoto pamayalidwa mawailesi akufa, mawaya, masipika ndi makatoni a tizitsulo ta fumbi. Wina agula, wina asinthanitsa. Mlendo angaganize kuti wafika padzala, koma eni ake adziŵa kuti wailesi siifa thupi lonse. Kaŵirikaŵiri cimene caonongeka ndi kanthu kamodzi cabe, ndipo zotsalazo zingaukitse wailesi ina imene ziwalo zake zinaleka kupangidwa kalekale.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wodziŵa sathamangira cinthu conyezimira. Ayamba wanunkhiza, pakuti thiransifoma yopsa siibisa fungo. Atsegula mokhala mabatire: ngati anatayikiramo, mwina nthenda yonse ndi dzimbiri lofuna kupalidwa. Sipika aiyesa poikhudzitsa pa batire limodzi la toci. Ikati "thi", ili moyo. Kapasita, kaja kooneka ngati kacitini kosunga magetsi, ikatupa pamwamba ndiye kuti yatha nchito.

Nzeru imeneyi si ya ku America kokha. Kutsidya kwa malire athu, ku Wimbe m'boma la Kasungu ku Malaŵi, William Kamkwamba anayamba ndi kumasula mawailesi akufa ali mnyamata. Njala itamucotsa pasukulu, mu 2002 anamanga makina a mphepo ndi fani ya thirakita, mapaipi a pulasitiki, njinga yakale ndi dayinamo, nayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake. Zambiri mwa zipangizozo anazitola pamalo otayirapo zitsulo.

Komabe pali ngozi. Wailesi yakanema yakale imasunga magetsi oopsa ngakhale mutaizula kukhoma, motero musaitsegule ngati simunaphunzire. Musaoche mawaya pofuna mkuwa, cifukwa utsi wake umaononga mapapo. Mtovu wolumikizira ziwalo ndi poizoni: sambani m'manja musanagwire nsima, ndipo ana asaseŵere nazo.

Inu aŵerengi, wailesi yanu ikangoti zii, ndiye kuti mitengo ya cimanga, nkhani za mvula ndi mauthenga a maliro zakudutsani. Musaiponye m'cimbudzi. Cotsanimo mabatire, isungeni pouma, ndipo kaonetseni wokonza pamsika. Ikakanika kudzuka, sipika yake idzalankhula m'wailesi ya mnansi wanu.