Achinyamata otumikira mudzi: kodi timawayamika bwanji?

Memory Banda anali ndi zaka 13 pamene akuluakulu a kwawo anamuuza kuti wakula, apite kuchinamwali. Iye anakana. Anali ataona zimene zinachitikira mng'ono wake, amene anatenga mimba ali ndi zaka 11 zokha. Sukulu ya mwanayo inathera pomwepo.

Kwawo kwa Memory ndi ku Chiradzulu, kummwera kwa dziko la Malawi. M'masimba ena a kumeneko atsikana ankauzidwa kuti akatuluka agone ndi mwamuna. Mwambowu amautcha kusasa fumbi. Si chinamwali chilichonse chimene chimaphunzitsa zimenezi, koma kumene zimachitika ana amatenga mimba ndi matenda, kenako amakwatiwa asanakhwime.

Kukana kwa Memory sikunasangalatse anthu. Ena ankamunena kuti ndi mwana wamwano, wosamva za akulu. Lero dzina lake limatchulidwa m'mayiko ambiri. Nkhani yake ikutithandiza kuganizira za achinyamata a kuno ku Mozambiki amene amagwira ntchito yonga yomweyi, koma palibe amene amawatchula.

Anayamba ndi cholembera

Memory sanayambe ndi ofesi kapena galimoto. Anaitana atsikana a m'mudzi mwawo amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba. Ambiri mwa iwo anali ataiwala kuwerenga ndi kulemba. Anayamba kukumana ndi kukumbutsana kagwiridwe ka cholembera. Inu amene mukuphunzira kuwerenga muli aakulu mukudziwa kulimba mtima kumene zimenezi zimafuna.

Pokumanapo, atsikanawo anayambanso kuuzana mavuto awo. Aliyense anazindikira kuti vuto lake si la iye yekha. Mothandizana ndi bungwe lina loona za atsikana, la Girls Empowerment Network, anapita kwa mfumu ya dera lawo. Anapempha malamulo a m'mudzi oteteza ana ku maukwati. Mfumu inavomera.

Sanaimire pomwepo. Pamodzi ndi atsikana ena ndi mabungwe ambiri, anayamba kukakamiza aphungu a Nyumba ya Malamulo. Ankapita kukaonana nawo, ndiponso ankawatumizira mauthenga a pafoni. Mu 2015 dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo lakuti munthu alowe m'banja atakwanitsa zaka 18. Mu 2017 anasinthanso malamulo aakulu a dziko, kuti makolo asakhalenso ndi mpata wovomereza ukwati wa mwana.

Ulemu unabwera pambuyo

Mu 2015, ali ndi zaka 18, Memory anaitanidwa ku America kukayankhula pamsonkhano wotchedwa TED. Zimene ananena zinaikidwa pa intaneti ndipo anthu ambiri anazimva. Mu Disembala 2019 anali mmodzi wa achinyamata amene analemekezedwa ku Geneva, ku Switzerland, pamsonkhano wa achinyamata omenyera ufulu wa anthu. Iye anayambitsanso bungwe lake lophunzitsa atsikana utsogoleri.

Taonani ndondomeko yake. Ntchito inayamba, ulemu n'kubwera pambuyo pa zaka zingapo. M'zaka zoyambazo panalibe kamera kapena mphoto. Panali kunyozedwa ndi kuyenda pansi.

Chinanso n'chakuti mphoto imaonetsa nkhope imodzi, pamene ntchito inagwiridwa ndi anthu ambiri. Panali atsikana amene ankabwera kudzaphunzira ali ndi ana kumbuyo. Panali amayi amene anasintha maganizo. Panali mafumu, monga Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, kufupi ndi malire a Angónia, imene inathetsa maukwati ambiri a ana ndi kubwezera anawo kusukulu. Paja mutu umodzi susenza denga.

Nanga kuno kwathu?

Vuto limene Memory analimbana nalo lilinso kuno. Kafukufuku wa boma wa 2011 anapeza kuti mwa amayi 100 aliwonse a zaka za pakati pa 20 ndi 24, okwana 48 analowa m'banja asanakwanitse zaka 18. Apa ndiye kuti pafupifupi theka.

Kuno nakonso mabungwe omwe si aboma, amene ambiri timawatcha kuti ONG, anagwirizana kuti malamulo asinthe. Mgwirizano wawo umatchedwa CECAP. Mu Julayi 2019 aphungu a Assembleia da República anavomereza lamulo loletsa maukwati a ana. Lamuloli ndi nambala 19/2019. Limaletsa ukwati ngakhalenso chitomero cha munthu wosakwana zaka 18. Munthu wamkulu wokwatira mwana atha kukakhala kundende mpaka zaka 12. Makolo ndi achibale okakamiza mwana kukwatiwa nawonso amalangidwa. Kale lamulo la mabanja linkalola ukwati pa zaka 16 makolo akavomera. Mpata umenewo unatsekedwa.

Mu Disembala 2018 boma linachotsanso lamulo la 2003 limene linkatumiza atsikana oyembekezera ku makalasi a usiku. Tsopano mtsikana woyembekezera ali ndi ufulu wophunzira masana ndi anzake.

Koma lamulo lolembedwa ku Maputo silifika lokha ku Tsangano, ku Macanga kapena ku Metangula. Pamafunika munthu wolinyamula. Kawirikawiri munthuyo amakhala wachinyamata amene timamutcha activista. Kuyambira 1999, pulogalamu ya Geração Biz yakhala ikuphunzitsa achinyamata kuti azilangiza anzawo za umoyo ndi za HIV. Inayambira ku Maputo ndi ku Zambézia, kenako inafalikira m'zigawo zonse. Mu 2016 kunayamba Rapariga Biz ku Nampula ndi ku Zambézia, momwe atsikana okulirapo amasonkhanitsa ang'onoang'ono ndi kuwalangiza. Palinso achinyamata a Cruz Vermelha amene amathamangira kumene kwagwa ngozi, monga anachitira ku Beira mphepo ya Idai itawomba mu Malichi 2019. Ena amaphunzitsa makalasi a anthu akuluakulu. Mwina mphunzitsi wanu ndi mmodzi wa iwo.

Ntchito yake ndi yolemera

Taganizirani za mtsikana wa zaka 20 amene wamva kuti mwana wa kalasi yachisanu ndi chimodzi akufuna kumukwatitsa. Makolo a mwanayo alandira kale ndalama kwa mwamunayo, ndipo ndalamazo agulira feteleza. Mtsikana uja ayenera kulowa pakhomopo, kukhala pansi mwaulemu, ndi kuuza anthu amsinkhu wa bambo ake kuti zimene akuchita n'zolakwira lamulo. Mawa adzakumana nawo pamjigo ndi kutchalitchi. Mwinanso ndi abale ake.

Ambiri mwa achinyamata otere salandira malipiro. Ena amapatsidwa kangachepe koyendera, komwenso nthawi zina kamachedwa. Pulojekiti ikatha, bungwe limapita, iwo n'kutsala ndi malaya a bungwelo basi. Ena amatopa n'kusiya. Ena amapita kutauni kapena ku Joni kukafuna ganyu. Akachoka, mudzi umataya munthu amene ankadziwa lamulo, ankadziwa khomo la chipatala, ndiponso ankadziwa koyenera kukanena mwana akachitiridwa nkhanza.

N'chifukwa chake kuyamika si nkhani yongosangalatsa munthu. Munthu woyamikidwa amalimba mtima ndipo amakhalitsa pantchito. Ana aang'ono nawonso amaona amene mudzi ukumulemekeza, n'kufuna kudzakhala ngati iyeyo.

Woyenera ulemu timamudziwa bwanji?

Tinene zoona. Si aliyense wovala malaya a bungwe amene akutumikira anthu. Ena amangooneka tsiku la msonkhano wa ndalama. Ena amadziwa kuyankhula bwino pamaso pa alendo, koma m'mudzi sawaona. Tikalemekeza otere, amene amagwiradi ntchito amagwa mphwayi. Tisanayamike munthu, tidzifunse mafunso awa.

Kodi ntchito yake ili ndi zipatso zooneka? Ndi ana angati amene abwerera kusukulu chifukwa cha iye? Ndi odwala angati amene ayambiranso kumwa mankhwala?

Kodi amabwera ngakhale palibe ndalama yoyendera?

Kodi amasunga chinsinsi? Wolangiza anthu za matenda kapena za nkhanza za m'banja sayenera kukaulutsa nkhanizo pamsika.

Kodi zinthu za gulu amazifotokoza poyera? Ngati kwabwera mbewu, makope kapena ndalama, amanena kuchuluka kwake ndi kumene zapita?

Kodi amathandiza onse, osayang'ana chipani, mpingo kapena mtundu?

Kodi akuphunzitsa ena oti adzapitirize iye akadzachoka?

Amene angayankhe bwino mafunsowa si mlendo wochokera kulikulu la bungwe. Ndi inu amene mumakhala naye.

Kuyamika kosalira ndalama

Mudzi sungatumize munthu ku Geneva. Koma pali zinthu zimene mudzi ungathe, ndipo zina zimaposa mphoto.

Choyamba, mutchuleni dzina pagulu. Pamsonkhano wa mudzi, kutchalitchi, kumzikiti kapena pawailesi ya m'dera lanu, nenani zimene wachita. Mfumu ikamuyamika pamaso pa anthu, omunyoza amachepa.

Chachiwiri, mulembereni kalata ya umboni, imene pa Chipwitikizi amati declaração. Kalatayo inene ntchito imene wagwira ndi nthawi imene wayigwira. Mfumu, mlembi wa mudzi kapena mkulu wa sukulu asayine ndi kudinda. Pepala lotere limamuthandiza pofunsira ntchito kapena maphunziro. Kalasi yanu itha kulemba kalatayi pamodzi, mphunzitsi akuthandizani. Kudzakhala kuphunzira kulemba ndi kuthokoza nthawi imodzi.

Chachitatu, mupatseni mpando pamene pamagamulidwa zinthu. Mu komiti ya sukulu, mu komiti ya zaumoyo ndi m'makhonsolo olangiza a m'madera muzikhala achinyamata, makamaka atsikana. Asamangoitanidwa kudzasesa bwalo ndi kuvina alendo akabwera.

Chachinayi, musamusiye yekha pankhani yovuta. Akamapita kubanja limene likufuna kukwatitsa mwana, apite ndi munthu wamkulu. Nkhani ikakula, ikanenedwe kupolisi, ku ofesi yothandiza mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza. Muthanso kuimba foni ku Linha Fala Criança pa nambala 116. Kuimbako ndi kwaulere.

Chachisanu, athandizeni kukhala ndi bungwe lawolawo. Gawo 52 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa nzika ufulu wopanga mabungwe. Lamulo nambala 8/91 limati anthu osachepera 10 atha kuyambitsa bungwe ndi kulilembetsa kuboma. Bungwe lolembetsedwa litha kutsegula akaunti kubanki ndi kupempha thandizo m'dzina lake. Silitha chifukwa choti pulojekiti ya ena yatha.

Mabungwe olemba achinyamatawa nawonso ali ndi mbali yawo. Apereke ndalama yoyendera panthawi yake. Apereke satifiketi pomaliza maphunziro. Ntchito yolipidwa ikapezeka, ayambe aganizira amene akhala akudzipereka.

Masiku oti tiwakumbukire alipo kale. Pa 12 Ogasiti ndi tsiku la achinyamata padziko lonse. Pa 5 Disembala ndi tsiku la anthu ogwira ntchito modzipereka. Mudzi utha kusankha limodzi mwa masikuwa, anthu n'kusonkhana pansi pa mtengo, mfumu n'kuimiritsa achinyamata awiri kapena atatu, amene anathandizidwa n'kunena okha zimene anawachitira.

Pamene Memory Banda ankasonkhanitsa atsikana aja, palibe amene ankadziwa kuti adzafika ku Geneva. Ambiri ankangoona mwana wokana mwambo. M'mudzi mwanu mwina muli wina wotero lero, amene akuyenda khomo ndi khomo ndi kope m'manja. Musadikire kuti alendo adzakuuzeni dzina lake.

Zokambirana m'kalasi

1. Tchulani ntchito zitatu zimene achinyamata odzipereka amagwira m'mudzi mwanu.
2. Kodi lamulo nambala 19/2019 limaletsa chiyani? Ndani angalangidwe?
3. Mukamva kuti mwana akufuna kumukwatitsa, mungakanene kuti?
4. Lembani ziganizo zitatu zothokoza wachinyamata mmodzi amene anakuthandizani, ndipo mukamuwerengere.