Kamera ya Chitini: Mmene Kabowo ka Singano Kamajambulira Chithunzi

Amene munakulira m'nyumba yofolera ndi udzu, monga zilili nyumba zambiri za m'midzi ya kwa Kabudula, mukukumbukira timadontho ta kuwala timene timaoneka pansi masana denga likayamba kutha. Makolo akationa amadziwa kuti pafunika udzu wina mvula isanagwe. Koma kodi munayamba mwadzifunsapo chifukwa chake timadonthoti timakhala tozungulira, pamene mipata ya m'dengamo ina ndi yaitali, ina yokhota? Yankho lake nlakuti kadontho kalikonse ndi chithunzi cha dzuwa lenilenilo. Nyumba yamdima ija yasanduka kamera, ndipo kampata ka m'udzu ndiko kakujambula. Zomwezi zimachitika m'chigafa cha fodya ndiponso pansi pa mtengo wa mango.

Ambiri a ife tinaloweza m'kalasi ya sayansi kuti kuwala kumayenda molunjika, tinalemba pa mayeso nkukhoza, koma sitinazione ndi maso athu. Chitini chotayidwa kudzala chikhoza kutionetsa zimenezi popanda kuwononga ndalama.

Chinsinsi chake

Tiyerekeze kuti munthu waima pabwalo dzuwa likuswa mtengo. Kuwala kumene kukugwa pa iye kumanjanja nkubalalikira mbali zonse. Tsono patsogolo pake tiikepo chitini chotseka chokhala ndi kabowo kamodzi. Kuwala kochokera kumutu kwake, popeza sikukhota, kumalowa pakabowo motsetsereka nkukagunda mmunsi mwa khoma lakumbuyo kwa chitinicho. Kochokera kumapazi kumalowa mokwera nkukagunda mmwamba. Nchifukwa chake chithunzicho chimaoneka chadodolido, mutu pansi miyendo mmwamba. Diso lathu nalonso limalandira zithunzi chadodolido, koma ubongo ndi umene umazikonza.

Kukula kwa chithunzi kungathe kuwerengedwa. Munthu wamtali masentimita 170 akaima pa mtunda wa masentimita 340 kuchokera pa chitini chozama masentimita 10, chithunzi chake chimakhala cha masentimita 5. Dzuwa nalo lili ndi muyeso wake: ngati kampata ka padenga kali pamtunda wa mamita 3 kuchokera pansi, kadontho kake kamakula pafupifupi masentimita 3.

Nzeru imeneyi ndi yakalekale. Ku China, zolemba za Mozi ndi ophunzira ake zinafotokoza za chithunzi chadodolido zaka pafupifupi 400 Khristu asanabadwe. Ibn al-Haytham, amene anabadwira ku Basra cha m'ma 965 nakagwira ntchito ku Cairo, anayesa ndi nyali zingapo ndi chipinda chamdima, naonetsa kuti kuwala kwa nyali iliyonse kumadutsa pabowo limodzi osasakanikirana ndi kwa inzake. Chovuta chinali kusunga chithunzicho kuti chisafufutike. Ichi chinatheka cha m'ma 1826, pamene Nicéphore Niépce wa ku France anajambula madenga amene ankawaona pawindo la nyumba yake.

Kamera yoonera

Yambani ndi kamera yosavuta, imene siifuna mankhwala. Pezani chitini cha mkaka waufa, cha koko kapena cha matimati, muchitsuke ndi kuchiumitsa. Pakati pa thako lake boolani ndi kamsomali kakang'ono. Kukamwa kwa chitini kungani pepala loyera lopyapyala limene mwalipaka timafuta pang'ono, kapena jumbo yoyera, ndipo mumange ndi mphira ya chubu cha njinga. Kenaka dzifundeni nsalu yakuda kumutu pamodzi ndi mbali yapepalayo, kabowo kaloze panja pamene pali dzuwa. Dikirani pang'ono kuti maso azolowere mdima. Mudzaona mitengo, nkhokwe ndi anthu odutsa, zonse zili chadodolido ndiponso zili ndi mitundu yake.

Yesani kukulitsa bowolo. Chithunzi chidzawala kwambiri koma chidzachita mbuu, chifukwa kuwala kochokera pamalo amodzi tsopano kukugwa pamalo aakulu. Boolani mabowo awiri ndipo mudzaona zithunzi ziwiri.

Kamera yojambula

Kuti chithunzi chitsalire, pafunika chitini chokhala ndi chivindikiro chothina bwino. Mkati monse, ndi chivindikiro chomwe, mupake penti yakuda yosanyezimira, yonga yopaka pa bolodi ya m'kalasi, kuti kuwala kusamanjanje m'katimo. M'mbali mwa chitini boolani ndi msomali bowo lalikulu ngati njere ya chimanga. Bowo limeneli ndi khomo chabe. Kabowo kojambulira kaboolidwe pa kachidutswa kodulidwa ku chitini chopyapyala cha zakumwa zoziziritsa kukhosi. Kaikeni pa katoni, mukanikize nsonga yokha ya singano mozunguza pang'onopang'ono, kenaka mupale kuseri kwake ndi sandipepa wosalala mpaka kabowo kakhale kozungulira bwino. Mukatero matani kachidutswako pa bowo la msomali lija ndi tepi yakuda ya magetsi. Kachidutswa kena ka tepi kakhale chotsekera kabowoko.

Luso lonse lagona pa kukula kwa kabowoka. Kakakula, chithunzi chimachita mbuu. Kakachepetsetsa, kuwala kumabalalika pamene kukudutsa m'mphepete mwake ndipo chithunzi chimawonongekanso. Lord Rayleigh wa ku England anawerengera muyeso woyenera m'chaka cha 1891. Mwachidule, chitini cha masentimita 10 m'mimba mwake chimafuna kabowo kosapitirira theka la milimita, ndipo cha masentimita 5 chimafuna kabowo ka gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita.

M'chitinimo mumaikidwa pepala lapadera lojambulira zithunzi zakuda ndi zoyera, mbali yake yamankhwala itayang'ana kukabowo. Pepalali limapsa likangoona kuwala, choncho limaikidwa mumdima kapena pa nyali yofiira yosawala kwambiri. Mukatuluka panja, khazikani chitini pa njerwa kuti chisagwedezeke, matulani tepi, muwerenge masekondi 30 kufikira mphindi imodzi ngati kuli dzuwa, kenaka mutsekenso. Wojambulidwayo akhale phee nthawi yonseyo. Nkhuku ikadutsa mothamanga siioneka nkomwe pachithunzipo. Pomaliza pepalalo limatsukidwa mumdima ndi mankhwala ake, ndipo chimatuluka ndi chithunzi chotembenuka: zoyera zimaoneka zakuda, zakuda zoyera.

Tisabise, pepalali ndi mankhwala ake nzovuta kupeza masiku ano, popeza ojambula anasiya filimu nkuyamba makamera a makono ndi mafoni. Nchanzeru kuti kalabu ya sayansi isonkherane nkuitanitsa paketi imodzi, mapepalawo nkuwadula tizidutswa kuti aliyense apezeko.

Kujambula njira ya dzuwa

Pali njira ina imene imafuna pepala lokha popanda mankhwala otsukira. Chitini chimamangidwa zolimba pa mtengo wouma kapena pa mzati, kabowo nkutsegulidwa, nkuchisiya kwa milungu kapena miyezi. Tsiku lililonse dzuwa limalemba mzere wake papepalapo, ndipo tsiku la mitambo mzerewo umadukaduka. Pochotsa, pepalalo limajambulidwa msanga ndi foni m'chipinda chosawala kwambiri, chifukwa likakhalitsa poyera limada lonse. Ku England, Regina Valkenborgh anaika chitini chotere pamalo oonera nyenyezi a University of Hertfordshire m'chaka cha 2012. Chinaiwalika mpaka 2020, ndipo atachitsegula anapezamo mizere ya dzuwa 2,953.

Kuno kwathu dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pa chaka, kumapeto kwa Okutobala ndi pakati pa Febuluwale, kotero chitini choimirira sichingalione masana. Ndi bwino kuloza kabowo kumadzulo, cha ku Mchinji. Mukachimanga mu Juni nkuchimasula mu Disembala, mudzaona kuti malo olowera dzuwa asuntha kuchoka cha kumpoto kupita cha kummwera. Agogo athu ankazindikira zimenezi poyang'ana mitengo ndi mapiri. Musaiwale kuwadziwitsa a kunyumba, kuopa kuti angachiyese chitini cha mankhwala oipa, kapena ana angachitenge nkupangira koloboyi.

Chenjezo

Musayang'ane dzuwa kudzera pakabowo, ngakhale kachepe bwanji. Dzuwa limatentha mkati mwa diso popanda ululu uliwonse, ndipo chilemacho nthawi zina sichipola. Ngozi imeneyi imachuluka pa nthawi ya kadamsana, monga wa pa 21 Juni 2001, pamene ku Lusaka kunada bii masana ndipo kuno ku Lilongwe mwezi unaphimba mbali yaikulu ya dzuwa. Njira yabwino ndiyo kufulatira dzuwa, kugwira katoni yoboola, nkuyang'ana chithunzi chake chikugwera papepala pansi. Pa nthawi yotere, timadontho ta pansi pa mtengo wa mango tija timasanduka ngati mwezi wongokhala kumene.

Lamulungu lomaliza la mwezi wa Epulo chaka chilichonse, kuyambira 2001, anthu a m'maiko ambiri amajambula ndi makamera a kabowo. Ifenso tikhoza kuchita nawo. Anzanga, pa tchuthi chikubwerachi tolani zitini ziwiri kapena zitatu, mupangire limodzi ndi azing'ono anu. Chithunzi choyamba mwina chidzada kapena kuyera mopitirira. Lembani m'kope masekondi amene munawerenga ndi mmene kunja kunachera, musinthe, muyesenso. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo inu makolo, mukaona mwana akupempha singano ndi chitini chakale, mpatseni, kenaka mum'pemphe kuti akufundeni nsalu ija muone nokha nkhokwe yanu itaima chadodolido.