Mnofu wa Nsomba Umayambira m'Dzira

Atsogoleri a sukulu za kwaca, tikanyema nsomba yophika timaona mnofu wake uli m'magawomagawo. Magawowa amaumbika nsomba ikali m'dzira. Maselo amatumizirana mapuloteni onyamula uthenga, monga FGF ndi IGF. Uthengawo ukafika, maselo amacuruka, kenaka nkulumikizana kukhala ulusi wa mnofu. Anthufe timabadwa ndi ulusi pafupifupi wonse, koma cambo cimaonjezabe watsopano pokula.

Njala imacepetsa IGF, kuzizira nako kumacedwetsa zonse. Tsono kuno ku Lifidzi, kumene Juni ndi Julaye amatigwedeza mano, tisathamangire kunena kuti damu la mnzathu analilodza ai. Madzi akazizira kutsika madigiri 20, cambo cimadya pang'ono. Auzeni ophunzira aike tiana m'damu kukayamba kufunda, ndipo gaga asasowe.