Khitchini yomangidwa pa kompyuta: imatheka bwanji, nanga Chisilamu chikutinji?



Ophunzira ena ayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa Blender, ndipo makolo angapo afunsa ngati kumeneku si kujambula kumene Chisilamu chimaletsa. Tisanayankhe, tione kaye mmene ntchitoyi imayendera. Titenge chitsanzo cha khitchini, poti m'menemo muli matabwa, zitsulo, magalasi ndi matailosi, ndipo chilichonse chimalandira kuwala m'njira yakeyake.

Blender anaiyambitsa Ton Roosendaal wa ku Netherlands, ndipo kuyambira 2002 aliyense amaitenga pa intaneti mwaulere. Gawo loyamba limatchedwa modeling, kumene ndi kuumba. Munthu amayamba ndi kabokosi, n'kumakakoka, kukadula ndi kukatambasula mpaka kasanduke kabati kapena sinki. Apa tepi ya kalipentala imagwira ntchito kuposa luso la manja. Malo okonzerapo chakudya amakhala pafupifupi masentimita 90 kuchokera pansi ndi 60 kuchokera kukhoma. Mukalakwitsa miyezo, diso limakana chithunzicho ngakhale munthu asadziwe chifukwa chake.

Pali kanthu kena kamene oyamba kumene amaiwala. Kompyuta imapanga ngodya zakuthwa ngati lumo, pamene m'dziko mulibe thabwa lotero. Choncho m'mbali monse amasalazamo pang'ono, mamilimita awiri kapena atatu, ndi chida chotchedwa bevel. Kamzere ka kuwala kamene kamagwera pamenepo ndiko kamachititsa kabati kuoneka yogwirika.

Kenako pamabwera texturing, kuveka chinthucho khungu. Kabati amaitambasula ngati katoni yomatula, n'kuyalapo chithunzi cha thabwa, ndipo mizere ya thabwalo iyenera kutsata utali wake monga mmene amachekera. Mtundu wokha sukwanira. Pulogalamu imafunanso kuuzidwa ngati chinthucho ndi chitsulo kapena ayi, komanso kukhakhala kwake pa muyezo wa 0 mpaka 1. Pafupi ndi 0 chimanyezimira ngati kalilole, pafupi ndi 1 chimakhala ngati khoma la laimu. Ndipo apa ndi pamene pandisangalatsa ine: khitchini yopanda banga imaoneka yabodza. Odziwa ntchito amatha maola akuika mwaye kunsi kwa poto, zidindo za zala pa chitseko cha firiji, madontho ouma pafupi ndi mpopi. Amayi amene mumakwecha mapoto ndi mchenga, dziwani kuti ena amavutikira kubwezeretsa zimene inu mumachotsa.

Chomaliza ndi kuwala. Kompyuta imawerengera mmene kuwala kolowa pa windo kumagundira khoma, n'kunjanja kupita pa tebulo, n'kufika m'diso. Maziko a nzeru imeneyi anawalongosola Ibn al-Haytham m'buku lake Kitab al-Manazir, limene analemba ku Cairo pakati pa 1011 ndi 1021. Iye anaonetsa kuti timaona chifukwa kuwala kumachokera pa zinthu kudzalowa m'maso, osati kutuluka m'maso monga ankanenera ena akale. Kuwerengeraku n'kolemera, ndipo pa kompyuta yofooka chithunzi chimodzi chikhoza kutenga maola.

Tsopano funso la makolo. Mahadisi amene amachenjeza za zithunzi amakamba za zinthu zokhala ndi mzimu, anthu ndi nyama. Mu Bukhari ndi Muslim muli nkhani ya munthu wina amene ankadya za kujambula. Ibn Abbas (Allah asangalale naye) atamuchenjeza, anamuuza kuti ngati sangachitire mwina, ajambule mitengo ndi zinthu zopanda mzimu. Kabati, mbaula ndi mthiko zilibe mzimu, choncho palibe choletsa kuziumba. Zoika munthu kapena mphaka m'chithunzimo ndi nkhani ina, imene maulama amasiyana maganizo, ndipo wophunzira afunse kwa shehe wake.

Pamene ine ndikuona ngozi ndi pa malonda. Zithunzi zimenezi zafika poti sungazisiyanitse ndi za kamera. Kampani ya mipando ya IKEA, ya ku Sweden, inanena mu 2014 kuti pafupifupi 75 peresenti ya zithunzi za katundu wake zinali zopangidwa pa kompyuta. Kuonetsa kasitomala mmene khitchini yake idzaonekere isanamangidwe ndi chinthu chothandiza, chifukwa kusuntha sinki pa kompyuta sikudya simenti. Koma kutenga chithunzi chotere n'kumati ndi ntchito imene unamanga, kapena kuonetsa thabwa la mbawa pamene udzaika la paini, ndi chinyengo. Mu Sahih Muslim timawerenga kuti Mtumiki (SAW) anapisa dzanja mu mulu wa chakudya pa msika, napeza chonyowa chabisidwa pansi, ndipo anamudzudzula wogulitsayo kuti wachinyengo sali mwa ife.

Ophunzira, pansi pa chithunzi chilichonse muzilemba kuti chapangidwa pa kompyuta. A komiti, mmisiri akabwera ndi zithunzi zokongola pa foni pofuna ntchito ya pa mzikiti kapena pa sukulu pano, mufunseni kuti nyumbayo ili kuti, ndipo mutume anthu awiri akatsegule makabatiwo ndi manja awo.