Kusankha Galimoto Yaing'ono Yosamwa Mafuta Ambiri: Mafunso ndi Mayankho

Galimoto zing'onozing'ono zambiri zimene zimayenda m'misewu ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba zinagwirapo kale ntchito ku Japan, ndipo amene anazipanga ankaganizira misewu, nyengo ndi malamulo a dziko limenelo. N'chifukwa chake wogula wa ku Malawi amayenera kusiyanitsa kuchepa kwa galimoto, kumene kumaoneka ndi maso tsiku logula, ndi kusawononga ndalama kwake, kumene kumadziwika patapita zaka.

Funso: Kodi galimoto yaing'ono ya mumzinda ndi yotani, ndipo kukula kwake amakuyeza bwanji?

Yankho: Muyezo waukulu ndi wa injini, umene umalembedwa ndi zilembo za cc, kutanthauza kukula kwa malo a m'masilinda, timiphika tachitsulo momwe petulo wosakanikirana ndi mpweya amayakira n'kutulutsa mphamvu, ndipo 1,000 cc ndi lita imodzi. Mwa muyezo umenewu galimoto zazing'ono zili m'magulu awiri. Loyamba ndi la galimoto zimene ku Japan amazitcha kei, gulu limene boma lakumeneko linakhazikitsa mu 1949 pofuna kuti anthu wamba athe kukhala ndi galimoto. Kuyambira mu 1990 injini yake siloledwa kupitirira 660 cc, ndipo kuyambira mu 1998 galimotoyo sipitirira mamita 3.4 m'litali ndi mamita 1.48 m'lifupi, komanso imanyamula anthu 4 okha. Daihatsu Mira ndi Suzuki Alto ndi za m'gulu limeneli. Gulu lachiwiri ndi la galimoto za injini zoyambira pa 1,000 cc kufika pa 1,500 cc, monga Toyota Vitz imene inatuluka mu 1999, Honda Fit ya mu 2001, Toyota Passo ya mu 2004, Mazda Demio ndi Nissan March, zimene zimanyamula anthu 5 ndipo zili ndi malo okulirapo a katundu.

Funso: N'chifukwa chiyani zambiri mwa galimotozi zimachokera ku Japan?

Yankho: Ku Japan galimoto zimayenda kumanzere kwa msewu ngati ku Malawi, kotero chiwongolero chimakhala kale kudzanja lamanja. Kuwonjezera apo, lamulo lakumeneko limafuna kuti galimoto yatsopano ipimidwe ikatha zaka 3, kenaka zaka 2 zilizonse, ndipo popeza kupimitsako kumadya ndalama zambiri, eni ake ambiri amagulitsa galimoto ikadali yamphamvu. Zambiri zimatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko kudzera pachipata cha Songwe m'boma la Karonga, pamene zina zimadzera ku Durban kapena ku Beira.

Funso: Kodi mtengo wolembedwa pa galimoto ndiwo mtengo wake weniweni?

Yankho: Mtengo umenewo ndi chiyambi chabe, pakuti pamwamba pake pamabwera ndalama zoinyamulira pa sitima yapamadzi, zoichotsera padoko, zoifikitsira m'dziko, ndiponso msonkho umene bungwe la MRA limatolera poiombola, umene umakwera molingana ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo. Apa m'pamene galimoto yakale kwambiri, yooneka yotchipa ili ku Japan, imatha kudula ikafika pachipata. Pambuyo pake pali kalembera ku nthambi yoona za pamsewu, chiphaso cha COF chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda, ndi inshuwalansi yolipira anthu ena amene galimotoyo ingawavulaze kapena kuwawonongera katundu, imene lamulo limakakamiza mwini galimoto aliyense kukhala nayo. Popeza galimoto, masipeya ndi mafuta zonse zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, kugwa kwa kwacha kumakhudza zitatuzi nthawi imodzi, monga zinachitikira mu May 2022 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndi mu November 2023 pamene inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Wogula wanzeru amawerengera ndalama za zaka zingapo zimene adzakhale ndi galimotoyo, osati za tsiku logula lokha.

Funso: Kodi injini ikachepa ndiye kuti imamwa mafuta ochepa nthawi zonse?

Yankho: Ayi, ndipo funso ili ndi limene limasocheretsa ogula ambiri. Injini yaing'ono imamwa pang'ono pamene ntchito yake ikufanana ndi mphamvu zake, monga kunyamula munthu mmodzi kapena awiri pamsewu wosakwera kwambiri, kuchokera ku Area 25 kupita ku City Centre mumzinda wa Lilongwe. Koma injini ya 660 cc ikasenzetsedwa anthu akuluakulu 4 ndi thumba la chimanga n'kuyamba kukwera zitunda za Blantyre kapena chikweza cha Chiweta, dalaivala amakakamizika kuponda mafuta mpaka pansi, injini imazungulira mothamanga kwa nthawi yaitali, ndipo mafuta amene imamwa amayandikira a injini ya 1,300 cc imene ikukwera chitunda chomwecho mosavutika. Palinso nkhani ya kukwera kwa malo: Lilongwe ndi Blantyre zili pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, kumene mpweya ndi wopepukirapo, ndipo injini yopanda tebo, chipangizo chokankhira mpweya wambiri m'masilinda, imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zake pamalo otere. Kutaya kumeneku sikumveka kwenikweni pa injini yaikulu, koma pa yaing'ono kumamveka pachitunda chilichonse.

Manambala a kamwedwe ka mafuta amene opanga amalengeza amapezeka poyesa galimoto m'chipinda choyesera, mosanyamula katundu ndiponso choziziritsira mpweya chili chozimitsa, choncho pamsewu wa fumbi, mahampu ndi kuthithikana kwa galimoto sakwaniritsidwa. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwanso ndi ethanol, mafuta opangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, amene ali ndi mphamvu zocheperapo kuposa petulo, kotero lita imodzi imayendetsa mtunda wofupikirapo pang'ono. Ngakhale zili choncho, phindu la galimoto yaing'ono ndi lenileni. Munthu woyenda makilomita 30 patsiku kwa masiku 22 amakwanitsa makilomita 660 pamwezi; galimoto yoyenda makilomita 18 pa lita idzamwa malita pafupifupi 37, pamene yoyenda makilomita 10 pa lita idzamwa malita 66, ndipo kusiyanaku kumayandikira malita 350 pachaka. M'nyengo imene mafuta amasowa, malita amenewa ndi masiku ambiri amene munthu sakhala pamzere kumalo omwetsera mafuta.

Funso: Nanga galimoto za hayibulidi, kodi ndizo zoyenera kwambiri mumzinda?

Yankho: Hayibulidi ndi galimoto yokhala ndi injini ya petulo pamodzi ndi mota yamagetsi yoyendetsedwa ndi batire lalikulu, limene limadzitchaja lokha galimoto ikamayenda ndiponso ikamagwira mabuleki. Toyota inayamba kugulitsa Prius mu 1997, ndipo Aqua, imene ili ndi injini ya 1,500 cc, inatuluka mu 2011. Mumzinda, mmene galimoto imaima n'kunyamukanso kawirikawiri, injini ya hayibulidi imazima yokha nthawi zambiri, ndipo m'pamene kusamala mafuta kwake kumaonekera kwambiri. Chofunika kuchiganizira ndi batire, limene limafooka ndi zaka ndiponso kutentha, makamaka fumbi likatseka kachipangizo kolipemerera mphepo, ndipo kugula lina kungathe kumeza ndalama zimene zinapulumutsidwa pa mafuta kwa nthawi yaitali. Choncho hayibulidi imayenera munthu woyenda makilomita ambiri mumzinda, amene wapimitsa batirelo pa kompyuta asanalipire, ndiponso amene ali pafupi ndi makaniko wodziwa magetsi a galimoto zoterezi.

Funso: Kodi masipeya ndi amakaniko zimakhudza bwanji chisankho?

Yankho: Galimoto yoimikidwa pakhomo miyezi iwiri podikira sipeya yoitanitsa kunja simwa mafuta, koma imadyabe ndalama, chifukwa mwini wake amakhala akulipira inshuwalansi kwinaku akukwera minibasi ndi kabaza. Mtundu umene uli wochuluka m'misewu ndi umene masipeya ake, atsopano ndi ochotsedwa ku galimoto zina, amapezeka msanga ku Biwi, ku Ndirande kapena ku Limbe, ndiponso ndi umene amakaniko ambiri anauzolowera. Chisamaliro chapadera chimafunika pa giyabokosi yamtundu wa CVT, imene ili m'galimoto zazing'ono zambiri zamakono: m'malo mwa magiya a mano, ili ndi lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri amene amasintha kukula, ndipo imafuna oyilo wakewake. Kuthiramo oyilo wa giyabokosi wamba ya otomatiki kumachititsa lamba kuterereka, ndipo kukonza kwake n'kodula kuposa oyilo woyenerayo kambirimbiri.

Funso: Kodi wogula ayang'ane chiyani asanapereke ndalama?

Yankho: Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo penti yonyezimira sinena kanthu za injini. Makilomita oonekera pa wotchi ya galimoto amatha kubwezedwa m'mbuyo, choncho ayenera kuyerekezedwa ndi amene ali pachikalata chotulutsira galimoto ku Japan ndi papepala la kumsika wa okushoni, pamene woyendera amalemba giredi monga 3.5, 4 kapena 4.5, ndi chilembo R ngati galimotoyo inakonzedwapo itachita ngozi. Nambala ya chasisi, imene imadindidwa pathupi la galimoto, iyenera kufanana ndi ya m'buku la umwini. Injini iyenera kulizidwa ili yozizira, nyale zochenjeza za mabuleki a ABS ndi za matumba a mpweya oteteza pangozi ziyenera kuyaka kenaka n'kuzima, ndipo kunsi kuyenera kuunikidwa ngati kuli dzimbiri, popeza kumpoto kwa Japan amathira mchere m'misewu nthawi ya chipale chofewa. Zonsezi zimafuna makaniko wosankhidwa ndi wogula, osati wobwera ndi wogulitsa kapena dobadoba.

Funso: Pomaliza, kodi munthu asankhe iti?

Yankho: Asankhe poyang'ana ulendo umene amayenda masiku ambiri, kenaka ayese chisankhocho ndi ulendo wovuta kwambiri umene sangaupewe. Woyenda yekha kapena ndi mwana wa sukulu pa tala wa mumzinda adzapindula ndi galimoto ya 660 cc. Wa banja la anthu 5, kapena amene amayenda kawirikawiri makilomita oposa 300 a pakati pa Lilongwe ndi Blantyre pamsewu wa M1, pamene amafunika mphamvu zopitirira mathiraki mwachangu ndiponso thupi lolemererapo lomuteteza pangozi, amayenera ya 1,300 cc kapena 1,500 cc. Amene kwawo kumafikika pamsewu wadothi wokumbika ndi mvula akumbukire kuti galimoto zambiri zazing'ono zimatalikirana ndi nthaka ndi masentimita pafupifupi 15 okha, ndipo zikalemedwa mpatawo umachepa. Kwa munthu wotere kungakhale kotchipa kusunga galimoto yaing'ono ya mumzinda n'kumabwereka kapena kuchita hayala yaikulu pa maulendo ochepa a kumudzi, kusiyana ndi kumwetsa mafuta injini yaikulu chaka chonse chifukwa cha maulendo awiri kapena atatu.