Nkhomaliro ya m'buledi: zomwe ife a ku Dedza tingatole kwa anthu a ku Vietnam

Ndalama ya nkhomaliro imachoka m'thumba mwakachetechete. Ya lendi timaiona, ya fizi timailira, koma ya chipisi cha pachiwaya sitiiwerengera n'komwe. Lero chipisi ndi kadzira, mawa kanyenya, mkuja zigege ndi chakumwa chozizira, mwezi usanathe foni ili m'manja kufunafuna wotibwereka. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta ophikira adakwera, ndipo mbale ya pachiwaya idayamba kuchepa mtengo wake ukukwera. Ine ndimagwira ntchito pa Dedza boma, kunyumba n'kotalikirapo moti masana sindingabwerere kukadya. N'chifukwa chake nkhani ya chakudya china cha ku Vietnam, chotchedwa bánh mì, idandigwira mtima.

Mwina mudachionapo pa TikTok kapena pa Facebook: kabuledi kotalika, kong'ambidwa pakati, m'kati mwake muli nyama, kaloti, nkhaka, tsabola ndi masamba obiriwira. Mawu akuti bánh mì m'chinenero chawo amangotanthauza buledi basi. Buledi ameneyu adabwera ndi Afalansa, omwe adalanda mzinda wa Saigon mu 1859 n'kudzalamulira dzikolo zaka zambiri. Poyamba chinali chakudya cha azungu, chodyera pagome ndi batala ndi nyama yodula, chifukwa tirigu ankachokera kutali. Ulamuliro wa Afalansa utatha mu 1954, dzikolo lidagawidwa pawiri ndipo anthu ambiri adasamuka kumpoto kupita kumwera. Ku Saigon, malo ena ogulitsira zakudya otchedwa Hòa Mã, omwe adatsegulidwa mu 1958, amatchulidwa kuti ndi amodzi mwa oyamba kuika zonse m'kati mwa buledi kuti wantchito angonyamula n'kumadya akupita. Nkhondo itatha mu 1975, othawa kwawo adapita nacho ku America, France ndi Australia, ndipo mu 2011 dzinali lidalowa m'dikishonale ya Oxford.

Chomwe chidandisangalatsa ine si kutchuka kwakeko, koma nzeru yake. Anthuwo adaona kuti zodula ndi tirigu ndi nyama, pomwe zamasamba zili mbwee kudimba. Ndiye adachepetsa zodulazo, n'kudzaza buledi ndi zotchipa zokoma: kaloti ndi mtundu wina wa radish woyera zoviikidwa mu viniga ndi shuga, nkhaka, tsabola ndi masamba onunkhira a coriander. Nyama kangachepe, kachiwindi kophwanyaphwanya kopaka ngati batala, basi munthu wakhuta.

Tsono taganizani za kwathu kuno. Tirigu wambiri yemwe timadya m'Malawi muno amachokera kunja, n'chifukwa chake buledi amakwera kwacha ikangogwa. Koma zamasamba? Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kozizira, ndipo kaloti, kabichi, anyezi, matimati ndi mbatatesi zimachita bwino. Yendani mumsewu wa M1, imani pa Bembeke kapena mutsikire ku Lizulu, muone milu ya ndiwo yomwe anthu a ku Lilongwe ndi Blantyre amaimitsira galimoto. Ife eni ake timaidutsa n'kukagula chipisi chosambira m'mafuta. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma ife wathu tikumusiya apite ndi mphepo.

Ngakhale nkhani ya buledi wa atsamunda si yachilendo kuno. Tsidya la malire, ku Angónia m'dziko la Mozambique, anzathu amadya pão, buledi yemwe adabwera ndi Apwitikizi, wolimba kunja koma wofewa m'kati. Ameneyu ndiye amafanana kwambiri ndi wa ku Vietnam. Mukamupeza, mwachita mwayi. Akasowa, banzi lalikulu la pagolosale limagwira ntchito, bola mulikazinge pang'ono pachiwaya chouma kuti likhwime kunja, apo ayi madzi a zamasamba alifewetsa lisanafike masana.

Mmene ndimakonzera ine ndi motere. Madzulo ndimasenda kaloti ziwiri n'kuzidula tating'onoting'ono motalika ngati timitengo ta machesi, ndi kabichi pang'ono wodula mopyapyala. Ndimawaza mchere, n'kudikira mphindi khumi, kenako kufinya madzi. Ndikatero ndimathira viniga ndi madzi owiritsa ozizira mofanana muyeso, shuga sipuni imodzi, n'kutseka m'kabotolo koyera. Viniga akasowa, mandimu alipo. Pakatha ola limodzi zakoma kale, koma zikagona zimaposa. Poti ambirife tilibe furiji, ndi bwino kukonza zongokwana tsiku limodzi kapena awiri.

Mmawa ndimakazinga dzira limodzi mpaka lipse bwinobwino. Tsiku lina ndimaika soya pisi wotsala dzulo nditamutenthetsanso, tsiku lina chiwindi cha nkhuku chophika mpaka kupsa, chophwanya ndi anyezi. M'malo mwa mayonezi, yemwe ndi wodula komanso sachedwa kuwonongeka kukatentha, ndimapaka peyala nyengo yake ikakwana. Pamwamba kaloti uja, nkhaka, ndi kambuzi kapena kadontho ka Nali. Kukoma kwake kuli pa kusakaniza: kowawasa, kotsekemera, kamchere ndi koyabwa, zonse pakamwa kamodzi.

Pali chinthu chimodzi chosafunika kuchitira chibwana: ukhondo. Zamasambazi timadya zosaphika. Tonse tikukumbukira kolera yomwe idayamba mu Marichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Choncho tsukani kaloti, kabichi ndi nkhaka ndi madzi owiritsa kapena othira klorini, sendani zomwe zingasendeke, sambani m'manja ndi sopo, ndipo musadalire viniga kuti ndiye aphe tizilombo. Zomwe mwakonza mmawa mudye masana omwewo, osasungira madzulo.

Anzanga kuntchito amandiseka. Wina adati, "Aise, buledi ndi chakudya ngati? Pofika 3 koloko ukhala ukuyasamula iwe." Ndipo pali chilungamo pamenepo. Wakabaza wokwera zitunda za Dedza, kapena wonyamula matumba a mbatatesi pamsika, akufunika nsima yake, ndipo mmemo wosonkherana anthu anayi kapena asanu ukadali njira yotchipa kwambiri yokhutira. Koma kwa ife okhala pampando, a m'mashopu, aphunzitsi, ophunzira m'makoleji, nsima ya masana imabweretsa tulo, pomwe chipisi cha tsiku ndi tsiku chimatha ndalama ndipo mafuta obwerezabwereza aja thupi sakulichitira zabwino. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, kukazizira mpaka zala kuuma, ndimangowonjezera tiyi wa m'fulasiki, zinthu n'kukhala myaa.

Palinso mwayi wa geni apa. Pa siteji iliyonse ogulitsa chipisi ndi ambirimbiri, onse akulimbirana makasitomala omwewo, onse akulira mtengo wa mafuta ndi nkhuni. Wogulitsa buledi wodzaza chonchi safuna mafuta ochuluka, ndipo zipangizo zake ndi mpeni, thabwa, kabokosi kotsekeka ndi madzi aukhondo. Ku Vietnam amayi ambiri amagulitsa bánh mì pa tingolo tating'ono m'mbali mwa msewu. Wachinyamata wa pa Chimbiya kapena pa Linthipe yemwe ali ndi WhatsApp angathe kutenga maoda mmawa n'kukapereka m'maofesi nthawi ya 12 koloko.

Musanaweruze, yesani izi: sabata imodzi lembani pafoni ndalama iliyonse yomwe mwagulira chakudya masana. Sabata yotsatira gulani mabanzi, mazira ndi mulu wa kaloti, mukonze nokha, mulembenso. Mukafananitsa, yotsalayo muione ngati siyikwana bandulo ya mwezi kapena gawo la kubanki m'khonde.